Chikwangwani, maloboti, raundabauti kapena mlatho: kusankha mmene misewu ikumanirane

Pamene misewu iwiri yakumana, pali dalaivala mmodzi amene amasowetsa mtendere mainjiniya kuposa onse, ndipo ndi uja amene akufuna kukhota modula njira ya galimoto zobwera kutsogolo kwake. M'mayiko amene galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu, ameneyu ndi wokhotera kumanja, ndipo m'mayiko oyenda kumanja ndi wokhotera kumanzere. M'nkhani ino tilankhula ngati tikuyenda kumanzere, kotero amene akuganiza za misewu ya ku France kapena ku United States angotembenuza mbali. Njira zonse zomangira mphambano, kuyambira chikwangwani chimodzi cha STOP kufikira milatho yosanjikizana kanayi, zimasiyana kwenikweni pa zinthu ziwiri: zimamuchita chiyani wokhotera kumanjayu, ndiponso wina akalakwitsa, galimoto zimawombana pa liwiro lanji komanso kuchokera mbali iti.

Mainjiniya amayamba ndi kuwerenga malo amene njira za galimoto zimakumanirana. Pa mphambano wamba ya nthambi zinayi, pomwe aliyense angathe kupita chowongoka, kumanja kapena kumanzere, malo oterewa alipo 32: pa malo 16 njira zimadulana, pa 8 zimalowana, ndipo pa 8 zimapatukana. Mphambano ya nthambi zitatu, yooneka ngati chilembo cha T, ili nawo 9 okha. Raundabauti ya leni imodzi yokhala ndi nthambi zinayi ili nawo 8, ndipo pa onsewo palibe pamene njira zimadulana. Malowa saopsa mofanana. Galimoto ziwiri zolowera mbali imodzi zikakhudzana, nthawi zambiri chimawonongeka ndi chitsulo, koma ina ikabaya inzake m'nthiti, pakati pa munthu ndi bampala pamakhala chitseko chokha. Ndondomeko ya Vision Zero, yofuna kuthetseratu imfa za pamsewu, imene nyumba ya malamulo ya ku Sweden inavomereza mu 1997, inafalitsa muyeso woti pamene galimoto zingawombane cha m'mbali liwiro lisapitirire makilomita 50 pa ola, ndipo pamene galimoto ingagunde woyenda pansi lisapitirire makilomita 30. Manambala awiriwa ndi oyenera kuwasunga m'mutu poyerekeza njira zili m'munsizi.

Mphambano yopatsana mpata

Iyi ndiyo njira yotsika mtengo kuposa zonse. Msewu umodzi umatengedwa kuti ndi waukulu, ndipo ochokera mu waung'ono amaima kapena kuchepetsa liwiro mpaka atapeza mpata. Oyenda mu msewu waukulu sachedwetsedwa, magetsi safunika, ndipo malo amene mphambanoyo imadya ndi ochepa. Koma chitetezo chake chonse chagona pa maso a munthu mmodzi ndi pa luso lake loyerekeza liwiro la galimoto imene ikubwera chapatali, luso limene anthufe sitinapatsidwe mokwanira.

Tiyerekeze dalaivala wa thiraki yokoka ngolo, waima pa mzere woyera, ndipo akufuna kulowa kumanja mu msewu umene galimoto zimathamanga makilomita 80 pa ola. Buku la malangizo la AASHTO, bungwe la akuluakulu oyang'anira misewu ku United States, limawerengera kuti galimoto yaing'ono imafuna mpata wa masekondi 7.5 kuti ichite zimenezi, pamene thiraki yotere imafuna masekondi 11.5. Pa liwiro limenelo galimoto imadutsa mamita oposa pang'ono 22 pa sekondi iliyonse, choncho dalaivala wathuyu ayenera kuona msewu bwinobwino kwa mamita pafupifupi 255 mbali zonse ziwiri. Ngati chitunda, mpanda, chikwangwani cha malonda kapena udzu wautali zadula mtunda umenewu pakati, iye amadzutsa thirakiyo mongokhulupirira kuti kulibe kanthu, ndipo pamene ngolo yake yatseka msewu wonse ndi pamene wobwera kuseri kwa chitunda amaiona. N'chifukwa chake pa pulani ya mphambano yotere pamajambulidwa malo a ngodya zitatu amene sayenera kumangidwapo kapena kubzalidwapo chilichonse chotchinga maso. Chodandaulitsa n'chakuti malowa amalemekezedwa pa tsiku lotsegulira msewu, koma pakatha zaka zingapo amakhala atadzaza.

Kakumanidwe ka misewu nakonso n'kofunika. Misewu iyenera kukumana mowongoka, pa madigiri 90 kapena pafupi pamenepo, ndipo akatswiri ambiri safuna kutsika pansi pa madigiri 75. Msewu ukalowa chopendekera, dalaivala amayenera kupotokola khosi kuti aone kumbuyo kwa phewa lake, galimoto imatenga nthawi yaitali kuti iwoloke, ndipo mu thiraki mbali ina imabisika ndi kabini. Mankhwala ake ndi osavuta: kukhotetsa pang'ono msewu waung'ono usanafike, kuti ulowe molunjika.

Pali zinthu ziwiri zimene zimatalikitsa moyo wa mphambano yotere popanda kuwononga ndalama zambiri. Choyamba ndi leni yapakati yodikirira okhotera kumanja, imene imachotsa galimoto yoima m'njira ya zothamanga. Chachiwiri ndi kusemphanitsa nthambi ziwiri zazing'ono kuti zisayang'anizane, kotero m'malo mwa mphambano imodzi ya malo 32 okumanirana pamakhala ma T awiri a malo 18 pamodzi, ndipo palibe amene angadutse msewu waukulu mothamanga osaima. Komabe njirayi ili ndi malire ake. Galimoto zikachuluka mu msewu waukulu mipata imasowa, ndipo munthu amene wadikira nthawi yaitali, wina akumuimbira hutala kumbuyo, amayamba kulandira mpata umene poyamba akanaukana.

Maloboti

Maloboti amathetsa mkanganowo pogawa nthawi: malo ndi omwewo, koma aliyense amawagwiritsa ntchito pa nthawi yake. Oyambirira anaikidwa ku London pafupi ndi nyumba ya malamulo mu December 1868, ankayaka ndi gasi, ndipo patangotha milungu yochepa anaphulika n'kuvulaza wapolisi amene ankawayendetsa. A magetsi anayamba kugwira ntchito ku Cleveland, ku United States, mu 1914.

Leni imodzi ingathe kutulutsa galimoto zazing'ono pafupifupi 1,800 mpaka 1,900 pa ola ngati getsi lobiriwira likanayaka ola lonselo, koma nthawiyo imagawidwa, ndipo pa kusinthana kulikonse pamatayika masekondi pafupifupi 4, ena podzutsa galimoto zoima, ena podikira kuti omaliza atuluke pakati. Apa ndi pamene wokhotera kumanja amaonetsera mtengo wake. Maloboti a zigawo ziwiri zokha, oti msewu umodzi uyende kenako unzakewo, amataya masekondi 8 asanabwererenso poyambira. Mukafuna kuteteza okhotera kumanja powapatsa getsi lawolawo pa misewu yonse iwiri, zigawo zimakhala zinayi, zotayika zimafika masekondi 16, ndipo ngati ulendo wonse wa malobotiwo ndi masekondi 90, ndiye kuti nthawi yoposa gawo limodzi mwa magawo 6 mphambanoyo siikutulutsa munthu. Mukapanda kuwateteza, mwawabwezera ku vuto lija loyerekeza mpata ndi maso.

Mphamvu ya maloboti ili m'mizinda yothinana, kumene malo ndi osowa ndipo oyenda pansi ndi ambiri. Amatha kupatsa anthu nthawi yawoyawo yowolokera, amatha kupereka mwayi kwa mabasi, ndipo akakhala pa mphambano zotsatizana amatha kulumikizidwa kuti gulu la galimoto lizipeza getsi lobiriwira motsatizana. Koma kukula kwa mphambano kumabwezera m'mbuyo phindu limeneli. Munthu amayenda mita imodzi mpaka mamita 1.2 pa sekondi, choncho msewu wotambasuka mamita 24 umafuna masekondi 20 kapena kuposa kuti awoloke, ndipo leni iliyonse yowonjezedwa kuti galimoto ziyende msanga imatalikitsa nthawi imene galimoto zomwezo ziyenera kuima. Chimodzimodzinso ndi ngodya za mphambano: ngodya yokhota motakasuka imathandiza thiraki kuti matayala ake akumbuyo asakwere pomwe pamaima anthu, koma imalolanso galimoto zazing'ono kukhota mothamanga pamalo penipeni powolokera.

Chofooka chachikulu cha maloboti n'chakuti sasintha mpangidwe wa msewu. Njira imakhalabe yowongoka, ndipo amene wadumpha getsi lofiira, kaya dala kaya chifukwa dzuwa lamuthobwa m'maso, amalowa pakati ndi liwiro lake lonse. Ngozi zowombana kumbuyo nazo kawirikawiri zimachuluka maloboti akaikidwa. Kuwonjezera apo amafuna magetsi osadukizaduka, amisiri owakonza, ndi munthu wobweranso kudzasintha nthawi zake pamene kayendedwe ka galimoto kasintha. Maloboti othima amasandutsa mphambano yaikulu ya maleni ambiri kukhala yopatsana mpata, ntchito imene siinamangidwire.

Pali njira ina yapakati imene inafala m'chigawo cha Michigan ku United States kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Kukhota kodula njira kumaletsedwa pa mphambano penipeni, ndipo wofuna kutero amapitirira kaye, n'kukatembenuka pa mpata umene wasiyidwa pakati pa msewu, kenako n'kubwerera. Malobotiwo amatsala ndi zigawo ziwiri zokha. Njirayi imafuna msewu wokhala ndi malo otakasuka pakati, okwanira kuti thiraki itembenuke.

Raundabauti

Mabwalo ozungulira galimoto ndi akale. Columbus Circle ya ku New York inayamba kuyendetsedwa mozungulira mbali imodzi mu 1905 motsatira maganizo a William Phelps Eno, katswiri wa malamulo a pamsewu, ndipo Place de l'Étoile ya ku Paris inatsatira mu 1907. Mabwalo a nthawi imeneyo anali akuluakulu, galimoto zinkalowa mothamanga, ndipo m'malo ambiri wolowa ndi amene anali ndi mwayi, zomwe zinkachititsa kuti bwalo lidzaze mpaka kudzitseka lokha. Zinthu zinasintha mu November 1966 pamene dziko la Britain linakhazikitsa lamulo loti wolowa azipatsa mpata amene ali kale m'bwalo. Chifukwa cha lamuloli bwalo silingatsekeke malinga ngati potulukira pali potseguka, ndipo akatswiri monga Frank Blackmore, wa ku malo ofufuzira za misewu a boma la Britain, anaonetsa kuti bwalo laling'ono lingagwire ntchito bwino lomwe. Choncho poyerekeza njira, raundabauti yamakono isaweruzidwe ndi zolakwa za mabwalo akale aja.

Raundabauti imathetsa kukhota kodula njira m'njira yochenjera: aliyense amalowa pokhotera kumanzere, amazungulira, n'kutulukanso pokhotera kumanzere, ndipo dalaivala amayang'ana mbali imodzi yokha. Koma chimene chimapulumutsa miyoyo si bwalo lapakatilo palokha. Ndi kukhotetsa njira yolowera, kuti pasapezeke mzere wowongoka umene galimoto ingadutsemo kuchokera polowera kukafika potulukira. Mainjiniya amajambula pa pulani njira yachidule kwambiri imene dalaivala wosasamala maleni angatsate usiku msewu ulibe anthu, n'kuwerengera liwiro limene njirayo ingalole. Pa raundabauti ya leni imodzi liwirolo liyenera kukhala pakati pa makilomita 30 ndi 40 pa ola. Popeza mphamvu ya kuwombana imakula molingana ndi liwiro kulichulukitsa ndi lokha, ngozi ya pa makilomita 30 imakhala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi la mphamvu ya ngozi ya pa makilomita 60.

Raundabauti yolakwika imadziulula yokha kwa munthu amene waima pambali kwa mphindi khumi. Galimoto zochokera nthambi imodzi zimalowa popanda nyali za mabuleki kuyaka, chiwongolero chimangogwedezeka pang'ono, ndipo pa phula pamaoneka kanjira koyera kolambalala m'mphepete mwa bwalo, pamene mbali ina yonse ya leni yadzaza mchenga umene tayala silipondapo. Zikatere ndiye kuti bwalo laikidwa mopatuka kapena ndi laling'ono poyerekeza ndi kutambasuka kwa polowera, ndipo zikwangwani, zingachuluke bwanji, sizingakonze cholakwacho.

Kukula kwake kumadalira galimoto yaikulu kwambiri imene iyenera kudutsapo. Malangizo a ku United States amaika m'mimba mwa raundabauti ya leni imodzi, kuyeza kuchokera m'mphepete mwakunja, pakati pa mamita 27 ndi 55, ndipo timaraundabauti ta m'misewu yothinana, timene bwalo lake thiraki ingathe kuliponda, timayambira pa mamita 13. Kuti leni isatambasuke mpaka kulola galimoto zazing'ono kuthamanga, kuzungulira bwalo lapakati amaikako lamba wa konkire wotukuka pang'ono, amene matayala akumbuyo a thiraki amakwerapo koma wa galimoto yaing'ono amamupewa. Pa nthambi iliyonse pamakhala kachilumba kolekanitsa olowa ndi otuluka, kamene kamathandizanso woyenda pansi kuwoloka mbali imodzi, n'kupuma, kenako n'kuwoloka inayo. Powolokerapo pamabwezedwa m'mbuyo ndi utali wa galimoto imodzi, pafupifupi mamita 6, kuti dalaivala athane kaye ndi munthu wowoloka asanayambe kufunafuna mpata m'bwalo.

Zotsatira zake ndi zodziwika. Nthambi ya boma la United States yoyang'anira misewu ikuluikulu, FHWA, imanena kuti ngozi zopha kapena zovulaza anthu zimatsika ndi 82 peresenti pamene mphambano ya zikwangwani za STOP yasinthidwa kukhala raundabauti, ndiponso ndi 78 peresenti pamene yosinthidwayo inali ya maloboti. Mzinda wa Carmel m'chigawo cha Indiana unatengera zimenezi patali mpaka kumanga maraundabauti oposa 150. Ya leni imodzi imatha kunyamula galimoto pafupifupi 20,000 mpaka 25,000 pa tsiku, siifuna magetsi kupatula owunikira usiku, ndipo nthawi imene msewu uli pululu palibe amene amaima kudikira getsi.

Zofooka zake nazo n'zenizeni. Raundabauti imalemekeza nthambi zonse mofanana, choncho pamene msewu umodzi uli ndi galimoto zambiri kwambiri, mtsinje wosaduka wochokera kumeneko ungatsekereze nthambi yotsatira, ndipo pena pamafunika kuikanso getsi pa nthambi yamphamvuyo kuti mipata ipezeke. Imasokoneza mgwirizano wa maloboti otsatizana. Pa ngodya imadya malo ambiri kuposa maloboti, ngakhale kuti siifuna maleni ataliatali odikirira. Anthu osaona amavutika nayo chifukwa phokoso la galimoto silidukiza kuti adziwe nthawi yowoloka. Apanjinga amakhala pa chiwopsezo akamayenda m'mphepete mwa bwalo, pomwe wotuluka amawadula, ndipo n'chifukwa chake ku Netherlands amawapangira njira yawoyawo kunja kwa bwalo. Maleni akakhala awiri kapena atatu, ubwino wina umachepa, chifukwa wa mkati akafuna kutuluka amadula wa kunja, ndiponso polowera potambasuka pamalola liwiro. Injiniya wa ku Netherlands, Bertus Fortuijn, anayankha vutoli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi raundabauti yotchedwa turbo, imene maleni ake amapiringizika ngati chigoba cha nkhono ndipo amalekanitsidwa ndi timizere totukuka, kotero dalaivala amasankha leni asanalowe ndipo m'kati sangasinthe.

Intachenji

Njira zitatu zapitazi zimagawana phula limodzi. Intachenji imakweza msewu umodzi pamwamba pa unzake n'kuwalumikiza ndi timisewu tolowera ndi totulukira. Pa msewu wa liwiro lalikulu, umene cholinga chake n'chakuti galimoto zisaime, palibe njira ina. Koma mtengo wake ndi wa mulingo wina. Pansi pa mlatho payenera kutsala mpata wa mamita pafupifupi 5, ndipo kuphatikiza ndi kuchindikala kwa mlathowo, msewu wapamwamba umakwera mamita 6.5 mpaka 7. Pa chikweza cha mamita 4 pa 100 alionse, kukwera kumeneku kumafuna mtunda wa mamita 175 mbali iliyonse, osawerengera malo osalazira poyambira ndi pothera chikwezacho. Nyumba ndi malonda zimene zili m'mbali mwa mtunda wonsewu zimataya khomo lolowera mu msewu.

Mtundu wosavuta ndi wa diamond, wokhala ndi mlatho umodzi ndi timisewu tinayi towongoka. Ndi woyenera pamene msewu waukulu wakumana ndi wocheperapo, umadya malo ochepa, ndipo madalaivala amaumva msanga. Chimene ambiri saona n'chakuti diamond siichotsa kukhota kodula njira. Imangokuchotsa mu msewu waukulu n'kukutula pa mphambano ziwiri zoyandikana, kumapeto kwa timisewu tija. Mphambano ziwirizi zikalephera, mdipiti wa galimoto umabwerera m'mbuyo mpaka kukafika mu msewu wothamanga, pamene galimoto yoima ndi yoopsa kwambiri. Motero funso la maloboti kapena raundabauti limabweranso, ndipo pamene galimoto sizinachulukitse, maraundabauti awiri, imodzi mbali iliyonse ya mlatho, amagwira bwino ntchito ndipo amalola kuti mlathowo ukhale wopapatiza popeza sipafunika maleni odikirira pamwamba pake.

Wa cloverleaf, wokhala ndi timisewu tinayi tozungulira, ndi umene umasangalatsa pa chithunzi chojambulidwa m'mwamba. Injiniya wina, Arthur Hale, analembetsa luso limeneli mu 1916, ndipo woyamba ku United States unatsegulidwa ku Woodbridge, New Jersey, mu 1929. Wofuna kupita kumanja amadutsa kaye mlatho, n'kupatukira kumanzere, n'kuzungulira madigiri 270, ndipo palibe amene amaima paliponse ngakhale mlatho uli umodzi wokha. Chilema chake chili pakati pa timisewu tiwiri tozungulira toyandikana. Amene akulowa mu msewu waukulu amatulukira pa kamsewu koyamba pa liwiro la makilomita 40 kapena 50 pa ola, akufuna kuponda mafuta n'kulowera mkati, pamene amene akufuna kutuluka akuchepetsa liwiro kuti alowe kamsewu kachiwiri, ndipo onsewa ayenera kusinthana malo pa kamtunda kafupi ka pansi kapena pamwamba pa mlatho. Buku la AASHTO limachenjeza kuti galimoto za timisewu tiwiriti zikayandikira 1,000 pa ola pamodzi, kusokonezana kumakula msanga. Kuti galimoto yochoka pa makilomita 40 ifike pa liwiro loti ingalowe bwino mu msewu wa makilomita 100 pa ola imafuna mamita oyandikira 300, mtunda umene cloverleaf wamba ilibe. Kukulitsa timisewu tozungulira kumadya malo ambiri ndi kutalikitsa ulendo. Ena amawonjezera msewu wapambali woti kusinthanaku kuzichitikira kumeneko, ena amachotsa timisewu tiwiri n'kutsala ndi cloverleaf yosakwanira, mtundu umene unakhwimitsidwa ku Ontario m'dziko la Canada. Kwa oyenda pansi cloverleaf ndi malo ankhanza, chifukwa ayenera kuwoloka timisewu tambiri timene galimoto siziima.

Pamene msewu umodzi ukuthera pa unzake, mtundu wa trumpet, wa mlatho umodzi ndi kamsewu kamodzi kozungulira, ndi wokwanira, bola kamsewu kozungulirako kapatsidwe mbali ya galimoto zochepa.

M'mizinda, kumene malo ndi odula, mitundu iwiri yatsopano imapikisana. Woyamba umasonkhanitsa mphambano ziwiri za diamond kukhala imodzi yaikulu pansi kapena pamwamba pa mlatho, yoyendetsedwa ndi maloboti amodzi, ndipo unayamba ku Clearwater, Florida, mu 1974. Umatulutsa galimoto zambiri, koma umafuna mlatho wautali kapena wotambasuka kwambiri, ndipo wapanjinga amavutika kumaliza kuwoloka getsi lisanasinthe. Wachiwiri ndi diverging diamond, umene unayamba ku France m'zaka za m'ma 1970 ndipo unafika ku United States mu 2009, mu mzinda wa Springfield, Missouri. Pamenepa galimoto za mu msewu wocheperapo zimawolokera mbali yachilendo ya msewu pa maloboti oyamba, zimadutsa mlatho zili kumeneko, n'kubwerera ku mbali yake pa maloboti achiwiri. Zikumveka ngati misala, koma zotsatira zake n'zakuti wokhotera kumanja amapezeka ali kale kumanja ndipo amalowa kamsewu kake popanda kudula aliyense. Maloboti amatsala ndi zigawo ziwiri, malo okumanirana amatsika kuchoka pa 26 a diamond wamba kufika pa 14, ndipo kawirikawiri mlatho wakale umagwiritsidwabe ntchito. Siuchita bwino pamene galimoto zambiri zikungopita chowongoka mu msewu wocheperapowo, chifukwa mbali ziwiri zoyang'anizana sizingadutse nthawi imodzi.

Pamwamba pa zonse pali maintachenji osanjikizana, amene aliyense wokhota amapatsidwa mlatho wakewake wokhota pang'onopang'ono. Wa nsanjika zinayi wa ku Los Angeles unatsegulidwa wonse mu 1953, ndipo wa Gravelly Hill ku Birmingham, umene anthu amautcha Spaghetti Junction, unatsegulidwa mu 1972. Amenewa ndi a pamene misewu iwiri ikuluikulu yothamanga yakumana, ndipo milatho yake imafuna kuyenderedwa ndi kukonzedwa kwa zaka zonse za moyo wake.

Posankha

Pa msewu wa kunja kwa mzinda umene nthambi yake ili ndi galimoto zochepa ndipo maso amaona patali, T wokonzedwa bwino wokhala ndi leni yodikirira ndi wokwanira. Pa mphambano ya nthambi zinayi m'misewu yothamanga, kapena polowera m'tauni pamene liwiro liyenera kutsika, maganizo anga ndi akuti raundabauti ya leni imodzi iyambe yaganiziridwa, ndipo amene akufuna njira ina ndiye afotokoze chifukwa chake. Pakatikati pa mzinda, pamene anthu owoloka ndi ochuluka ndipo mphambano zayandikana, maloboti amapambana, malinga pakhale wowasamalira. Mlatho umodzi woikidwa pakati pa mphambano zothithikana nthawi zambiri umangofulumizitsa galimoto kukaima pa mphambano yotsatira, choncho usanamangidwe ndi bwino kuwerengera msewu wonse, osati malo amodziwo.

Chovuta chomaliza ndi nthawi. Mphambano imakonzedwa poyang'ana galimoto za zaka pafupifupi 20 zikubwerazo, ndipo chiyeso chimakhala chomanga lero zonse zimene zidzafunike pa nthawiyo. Koma raundabauti ya maleni awiri imene ikunyamula galimoto zokwanira leni imodzi imalola liwiro ndi kudulana kwa zaka zambiri popanda phindu lililonse. Njira imene mainjiniya ena amatsata ndi kumanga m'mphepete mwakunja, ngalande za madzi ndi mapolo a magetsi pa malo ake omaliza, koma bwalo lapakati ndi tizilumba n'kuzikulitsa dala kuti patsale leni imodzi. Tsiku limene chiwerengero cha galimoto chidzafike, amadzangosema bwalolo ndi tizilumbato kuti leni yachiwiri ituluke, popanda kugulanso malo kapena kusamutsa mapaipi.